Lamba wa Abambo Petros

MUTU 4

1. Mano a Elia

Kukuwa kudamveka Chikondwero akusita malaya. Adasiya simbi ili chiimire nathamangira panja.

Pabwalo la kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, kamtsikana ka m'chipinda choyandikana ndi chake, Praise, kadali katagwira mkono kakulira. Pamkonopo padali malo a mano, magazi akuyamba kutuluka. Elia adali ataima kukhoma, chidole cha Praise chili m'manja, maso ali tong'o.

"Wamulumanso!" adakuwa amake Praise, akutuluka ndi thovu la sopo m'manja. "Chikondwero, mwana wakoyu watitopetsa! Dzana anatilavulira m'ndiwo, dzulo anaswa galasi la pazenera, lero ndi izi. Tithawire kuti ife?"

"Pepani, amayi. Pepani kwambiri," adatero Chikondwero. Adatambasula dzanja. "Elia, bweretsa chidolecho."

Elia adaponya chidolecho m'ngalande, nathamangira m'chipinda, nakalowa kunsi kwa bedi.

Chikondwero adali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankameta anthu tsitsi m'kashedi ka malata pamsewu wina wa ku Troyeville, mumzinda wa Joni. Elia, wa zaka zinayi, adali mwana wa mlongo wake, Rozina. Rozinayo adagwidwa m'tauni alibe mapepala ndipo adabwezedwa ku Malawi. Mwana adatsala ku Ivory Park, kwa mayi wina amene ankasunga ana a anthu opita ku ntchito, ndipo anawo ankamutcha Anti.

Padapita miyezi Chikondwero akufunafuna nyumba ya mayiyo. Tsiku limene adaipeza, mwini wake kudalibe. Adakankha chitseko cha kanyumba ka malatako, napeza Elia atamangidwa ndi chingwe ku mwendo wa bedi. Msana wake udali ndi mikwingwirima ya waya, ina yakale, ina yatsopano. Adadula chingwecho, namubereka, nachoka naye msanga.

Mabalawo adapola ndi mankhwala a kuchipatala, koma mtima wa Elia sudapole. Ankaluma, ankalavula, ankaswa chilichonse chimene wachigwira. Mawu ake adali ochepa: "ayi", "choka", ndi zotukwana za Chizulu. Namwino ndiye adawatumiza kwa Mayi Tryphina, ku nyumba yophunzitsa makolo kulera ana amene adazunzidwa. Adali atapitako kangapo ndithu, ndipo tsiku limeneli lidali lopitanso.

2. Chenjezo la mwini nyumba

Abambo Petros adali eni nyumbayo. Adabwera ku Joni ali mnyamata, nagwira ntchito m'migodi ya golide mpaka chifuwa chidawaletsa. Tsopano ankayenda ndi ndodo, ndipo m'matayala akale kuseri kwa nyumba ankalimamo matimati, amene ankawasamala ngati ana awo.

Adali atamva zonse ali pampando wawo. Adamukodola Chikondwero ndi ndodo.

"Khala apa, mdzukulu wanga. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine Joni ndinamudziwa iwe usanabadwe, amako asanabadwe. Ndaona ana ambiri akukulira m'misewu imeneyi. Kunali Davide, mwana wa mnzanga wa ku Mulanje. Ankamulekerera, akuti akadali wamng'ono. Anayamba ndi kuba masiwiti pa kagolosale ka sipaza, kenako mafoni pa renki ya matakisi. Lero ali kuti? Tinakamuika m'manda ndevu zisanamere. Mzinda uno suchitira chifundo mwana wosamva. Ukapanda kumumenya iwe ndi lamba, adzamumenya anthu a m'njira ndi miyala. M'mera mpoyamba, mnyamata iwe. Ndiye ndikumva kuti kuli mayi wina amene akukuphunzitsa kusewera ndi zidole? Haikona! Mwamuna wamkulu kumakwawa pansi ndi tigalimoto? Ndipo pasopa, uchenjere, anthu a m'maofesi amaseka ndi mano okha. Tsiku lina adzati walephera, adzamutenga mwanayo, ndipo sudzamuonanso. Udzamuuza chiyani mlongo wako?"

Adatsokomola kwa nthawi yaitali. Kenako adamasula lamba wachikopa m'chiuno mwawo, namukoloweka pamsomali wa pafupi ndi mpopi.

"Lamba ndi ameneyo. Akadzachitanso china m'bwalo muno, umuthire kawiri katatu, tonse tikuona. Ukalephera, mufune kwina kokhala. Ine sindisunga tsotsi m'nyumba mwanga."

"Ndamva, agogo," adayankha Chikondwero, maso ali pansi.

3. Ulendo wa m'tauni

Padatenga nthawi kuti Elia atuluke kunsi kwa bedi. Atatuluka, adakana nsapato. Atavala nsapato, adakana juzi. Chikondwero adamunyamula, nathamanga naye ku msewu. Adadutsa pa kashedi kake, pomwe anthu awiri adali kale pabenchi kudikira kumetedwa. Adangowakwezera dzanja osaima.

M'takisi Elia sadakhazikike. Adaima, adakhala, adaimanso. Adayamba kumenya ndi nsapato mpando wa kutsogolo. Mayi amene adakhalapo adacheuka kamodzi, kawiri, kenako adakalipa.

"Mshaye!" adatero m'Chizulu, kutanthauza kuti ammenye. Anthu ena adavomereza ndi mitu.

Chikondwero adagwira miyendo ya mwanayo. Elia adamukanda padzanja mpaka khungu lidasupuka.

Atatsika, Chikondwero adaima pakona. Tsidya lina la msewu kudali matakisi obwerera ku Troyeville, kondakitala akuitanira anthu. Adayang'ana dzanja lake lokandidwa, adayang'ana matakisiwo, nayamba kusuntha kuti awoloke.

Koma Elia adali atapulumuka kale m'manja mwake. Adathamanga m'mbali mwa mpanda, nakaima pa chitseko cha nyumba ya Mayi Tryphina, akuchimenya ndi tizibakera take. Chikondwero adausa moyo, namutsatira.

4. Chipinda cha galasi

Mayi Tryphina adabadwira ku Tembisa, koma abambo awo adali a ku Dedza. Motero Chichewa ankachiyankhula bwino, ngakhale apa ndi apo ankasakanizamo Chizulu.

"Mwachedwa, koma mwafika. Shapu," adatero, akupatsa Chikondwero kachipangizo kovala m'khutu.

M'chipinda chosewerera mudali mkeka, tebulo lalifupi, ndi galasi lalikulu kukhoma. Mayi Tryphina ankakhala kuseri kwa galasilo. Iwo ankaona zonse, koma Elia sankawaona, ndipo mawu awo ankafika m'khutu la Chikondwero yekha.

"Mukukumbukira, amalume," adatero mawu m'khutumo. "Osafunsa mafunso, osalamula, osadzudzula. Nthawi ino mtsogoleri ndi Elia. Inu muzingonena zimene akuchita."

Elia adakhuthulira pamkeka timatabwa ta mitundumitundu. Adatenga kofiira, nakasanjika pa kobiriwira.

"Ukumanga chiyani?" adafunsa Chikondwero.

"Limenelo ndi funso," adatero mawu aja. "Nenani zimene mukuona."

Chikondwero adayesanso. "Waika kofiira pamwamba."

Elia sadamuyang'ane, koma adawonjezera kena.

"Muyamikireni tsopano, ndipo mutchule chimene wachita bwino."

"Wasanja bwinobwino osagwetsa, Elia. Ndakondwa."

Elia adadzidzimuka ngati walumidwa ndi njuchi. Adagumula timatabwa tonse ndi phazi, adalavulira pamkeka, natukwana mokweza.

Nkhope ya Chikondwero idatentha.

"Musamuyang'ane," adatero Mayi Tryphina. "Tembenukani pang'ono, tengani kagalimoto, muzisewera nokha. Akangogwira chinthu mwaulemu, mubwerere kwa iye."

Chikondwero adatenga kagalimoto, nayamba kukakankha pamkeka. Elia adakuwa kwambiri. Ataona kuti palibe akumuyang'ana, adatola kathabwa, nakaponya cha ku galasi. Chikondwero adakweza mkono mwamsanga kuti akawakhe.

Pomwepo Elia adadzigwetsa pansi, manja ataphimba mutu. Adakwawira kunsi kwa tebulo, ndipo mkodzo udayamba kuyenderera pasimenti.

"Sindimafuna kumumenya!" adatero Chikondwero, akuyang'ana galasi.

"Ndaona. Tsitsani manja. Khalani pansi, chapatali pang'ono. Muuzeni kuti mulipo."

Chikondwero adakhala pansi. "Ndili pano, Elia. Manja anga ali pansi."

Panja magalimoto ankaliza mahutala. Patapita nthawi, kadzanja kadatulukira kunsi kwa tebulo, kadapapasa pamkeka, nakakokera kagalimoto m'kati.

"Watenga kagalimoto mwaulemu," adatero Chikondwero, asadauzidwe n'komwe.

"Vuuu," adatero mawu aang'ono kunsi kwa tebulo.

5. Mawu a Mayi Tryphina

Elia atasinthidwa kabudula, adakhala pakona kudya lalanje. Chikondwero adavula kachipangizo kaja, nakaika patebulo mwamphamvu.

"Amayi, izi sizikuthandiza. Lero waluma mwana wa eni. Eni nyumba andipatsa lamba. Akuti ndikapanda kumumenya, tisamuke. Akutinso inu mudzandilanda mwanayu."

Mayi Tryphina adakoka mpando, nakhala moyang'anana naye.

"Akuluwo ali ndi mantha, ndipo mantha awo si achabe. Joni amadyadi ana. Koma tamverani, amalume. Kumenyedwa, mwana uyu anamenyedwa kale, kuposa mmene inu ndi ine tinamenyedwera. Chikhala kuti chikwapu chimawongola mwana, bwenzi Elia ali mngelo. Chimene anaphunzira kumeneko n'chimodzi: munthu wamkulu ndi woopsa, ndipo wamphamvu amapweteka wofooka. N'chifukwa chake amaluma mnzake. Akamaswa zinthu, amakhala akukufunsani kuti, kodi inuyo mundimenya liti? Amafuna zichitike msanga, chifukwa kudikira kumamuwawa kuposa kumenyedwako. Mukamumenya, adzakhala phee masiku angapo, ndipo anthu adzakuyamikirani. Koma mudzakhala mutamuyankha kuti inde, nanunso muli ngati mayi uja.

"Sindikuti muzimulekerera, ayi. Akalakwa, gwadani mpaka maso anu afanane ndi ake. Muuzeni chinthu chimodzi choti achite, ndi mawu ozizira. Akakana, akhale pampando kanthawi kochepa, inu muli pafupi. Akatha, achitebe chimene munamuuza chija. Akachita, muyamikireni pomwepo, osadikira mawa. Ndikuchenjezeni, zinthu zidzayamba zaipiraipira zisanakome, chifukwa adzakuyesani kuti aone ngati ndinu woona. Za kulandazo, ife timachotsa mwana pamene akupwetekedwa, osati pamene amalume ake atopa. Mukatopa, ndiimbireni foni. Kutopa si mlandu."

Chikondwero adanyamula juzi ya Elia, natsanzika.

6. Matimati

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka. Chikondwero adalowa m'chipinda kuti ateleke madzi a tiyi. Madziwo asadawire, adamva mfuu.

"Mayo ine! Matimati anga!"

Adatuluka chothamanga. Elia adali atazula mbewu za m'matayala, ndipo ankagenda khoma ndi matimati aawisi. Dothi lidali mbwee pabwalo ponse. Anthu a m'zipinda zina adatuluka, ena ndi mbale m'manja. Amake Praise adaima pakhomo pawo, mwana wawo atabisala kumbuyo.

Abambo Petros adakolowola lamba mwaukali pamsomali paja, namuika m'dzanja la Chikondwero.

"Pano pomwe. Tonse tikuona."

"Mumenye ameneyo!" adakuwa wina.

Chikondwero adakulunga lamba kudzanja. Adasuntha kupita kumene kudali mwanayo.

Elia sadathawe. Adayang'ana lamba, nasiya timati limene lidali m'manja. Adatembenukira kukhoma, adakweza yekha malaya ake mpaka m'khosi, adawerama, nagwira khoma ndi manja onse awiri. Sadalire. Adangodikira.

Palibe wa pabwalopo amene adauonapo msana umenewo, pakuti Elia sankalola kuvula malaya panja. Tsopano zipsera zonse zidali poyera, zopingasana kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno. Amake Praise adagwira pakamwa. Munthu amene adakuwa uja adayang'ana kumbali.

Chikondwero adamasula lamba kudzanja, adamupinda bwinobwino, nabwerera kwa Abambo Petros. Adawapatsa ndi manja awiri.

"Agogo, mawu anu ndawamva, ndipo ndikudziwa kuti mumatifunira zabwino. Matimati ndidzabzala ena ndi manja angawa. Koma mwanayu sindimumenya. Ngati n'kusamuka, tisamuka."

Abambo Petros adalandira lambayo.

Chikondwero adagwada pafupi ndi Elia, namutsitsira malaya. Adamutembenuza kuti ayang'anane.

"Elia, matimati ndi a agogo. Tola mbewu iyi, uibwezere m'tayala."

"Ayi!" Elia adamulavulira pachifuwa.

Chikondwero sadapukute. Adamunyamula, namukhazika pa kreti ya mabotolo imene idali pafupi. "Ukhala apa pang'ono, chifukwa wakana kutola."

Elia adalumpha. Chikondwero adamubwezera. Adalumphanso, akukuwa ndi kupalasa miyendo. Adamubwezeranso, osakalipa, osamufinya. Zidachitika chotero mobwerezabwereza, mpaka anthu ena adatopa n'kulowa m'zipinda mwawo.

"Ndiye maphunziro akewo ndi amenewa?" adang'ung'udza Abambo Petros.

Potsiriza Elia adakhala, akupuma mwawefuwefu, mamina ali chuchuchu. Chikondwero adadikira kanthawi ataima pambali pake.

"Wakhala bwino. Tsopano tola mbewu ija, uibwezere m'tayala."

Elia adatsika. Adayang'ana manja a amalume ake, kenako nkhope yawo. Adatola mbewu imodzi yothyoka, adaizika m'dothi mokhota, naitsendera ndi chikhato.

"Wabweza mbewu ya agogo. Wachita bwino, Elia."

"Mbewu yothyoka sigwira," adatero Abambo Petros. Adalowa m'nyumba mwawo, ndodo ikugogoda pasimenti. Za kusamuka sadanene kuti inde kapena ayi.

7. Comfort

Chikondwero adapita ndi Elia pampopi kukamusambitsa m'manja. Dothi lidali litalowa mpaka m'zikhadabo. Mwanayo ankamuyang'anitsitsa.

"Amalume."

Chikondwero adaima. Aka kadali koyamba kuti Elia amuitane.

"Inu simumenya?"

"Sindimenya."

"Ngakhale mawa?"

"Ngakhale mawa."

Elia adaseweretsa madzi ndi chala. Kenako adanena motsitsa mawu, ngati akuopa kuti wina amva.

"Ndiye mukamutengenso Comfort."

"Comfort ndani?"

"Wa kwa Anti. Amagona m'katoni, kuseri kwa katani. Akalira, Anti amamutseka pakamwa ndi nsalu. Iye sadziwa kubisala. Ndi wamng'ono."

Madzi adapitiriza kutayika, osefukira m'ngalande. Chikondwero adakumbukira katani yamaluwa imene idagawa kanyumba kaja pakati. Tsiku lija sadasuzumire kuseri kwake, ndipo kuchokera pamenepo padali patapita milungu.

Adatulutsa foni ndi manja onyowa, naimbira Mayi Tryphina. Idaitana mpaka idaduka yokha. Adaimbanso. Palibe adayankha.

"Nyumbayo ungaikumbukire?"

Adacheuka. Abambo Petros adali ataima pakhomo pawo, chipewa chili kumutu, jekete lili paphewa. Adali atamva zonse.

"Ndingaikumbukire, agogo."

"Tiyambira kupolisi. Kumeneko sungapite wekha. Mwanayu umusiyire amake Praise."

Amake Praise adayang'ana mkono wa mwana wawo, womangidwa ndi kansalu. Adayang'ananso Elia. Kenako adapukuta manja pachitenje, natambasula dzanja.

"Bwera, Elia. Tikadye buledi."

"Fulumira, mnyamata iwe," adatero Abambo Petros, atafika kale pageti. "Ivory Park ndi kutali, ndipo dzuwa silidikira munthu."

Chikondwero adatseka mpopi kuti anyamuke. Koma Elia adamukumbatira mwendo ndi manja onse awiri, nakanirira pomwepo, osafuna kumusiya.